Ola ya ticha wa nyimbo ili monga mpando wa m'basi

Mukaona mnyamata alimbana na kondakitala pa Kulima Tower cifukwa ca kiyibodi imene waika pa miyendo, musaganize kuti apita kukaliza ku kicheni pate. Ambiri mwa iwo ni aphunzitsi a nyimbo odzilemba okha nchito. Ena anaphunzira ku Evelyn Hone College, ena anakulira m'kwaya ya ku chalichi, ndipo manje ayenda nyumba ndi nyumba kuphunzitsa ana gitala, kiyibodi kapena kuimba. Alibe malipiro a pa mwezi. Cimene agulitsa ni ola.

Ine niona kuti makolo ambiri sitinamvetse zimenezi. Ticha wa ku Matero amene ali ndi wophunzira ku Chelstone akwera mabasi awiri, woyamba wofika m'tauni, waciwiri wa mu Great East Road. Pa lesoni ya 16:00 anyamuka dzuwa likali pamutu, cifukwa basi siicoka pa siteshoni ikalibe kudzala. Ali pakati pa jamu, foni yalira: "Aticha, lelo sitizakwanitsa, kwabwela alendo. Tizacita mailo." Ndalama ya basi yapita kale. Mailo lakelo lili ndi mwini wake, mwana wina ku Chilenje.

Inu okwera basi mudziwa bwino nkhani iyi. Basi ikacoka ndi mpando wopanda munthu, ndalama ya mpandowo siibwelanso, ndiye cifukwa cake ang'wang'azi akukokani malaya. Ola ya ticha ni cimodzimodzi. Lesoni imene yasinthidwa mocedwa imudyera maola awiri: ija imene yatayika, ndi ina imene afunika kupeza kuti abweze. Koma malipiro ni a ola imodzi cabe.

Conco maganizo anga ni awa. Lipirani mwezi wonse kuciyambi, pa Airtel Money kapena MTN, kuti pakhale umboni m'foni. Mukafuna kusintha tsiku, nenani dzulo lake, ndipo ticha akupezereni nthawi ina m'mwezi womwewo. Mukanena ticha ali kale m'njira, lesoniyo iwerengedwe kuti yacitika. Ena adzati ni nkhanza. Koma mwana akajomba ku sukulu ya pulayiveti, ndani anapitapo kwa ahedi kukapempha cenji ya tsikulo? Ticha wa nyimbo timuderera cabe cifukwa alibe geti na yunifomu, ndipo nthawi zambiri ni wacicepere amene acita manyazi kukamba za ndalama kwa munthu wamkulu.

Pali zina zimene lamulo lililonse liyenera kugwadira. Maliro sapangana ndi munthu. Mvula ikagwa ku Kanyama madzi n'kufika m'mawondo, palibe wolakwa. M'caka ca 2024 kolera inacititsa kuti masukulu asatsegulidwe mu January mpaka pa 12 February, ndipo makolo ambiri sanafune alendo pakhomo. Caka comweco cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse. Kiyibodi yopanda malaiti ni thabwa cabe. Pa zotere agawane zowawa: lesoni ibwezedwe, kapena ticha abwele ndithu aphunzitse kuwerenga manotsi ndi kuomba m'manja motsatira biti, zimene sizifuna soketi. Apa a gitala wamba ali na mwayi.

Koma naimwe aticha, tikambeko zoona. Ena mwa inu mukapeza ukwati wa pa Ciwelu wolipira bwino, mwana wa eni mumutaya, foni n'kuzima. Pa Mande mubwela na nkhani ya "netiweki". Ngati mufuna kholo likuuzeni dzulo lake, inunso citani cimodzimodzi, ndipo lesoni imene mwaphonya inu ni nkhongole, osati cifundo. Mwana amene akhala milungu itatu osagwira cida aiwala makodi, zala ziuma, ndipo kholo liona monga litaya ndalama. Akasiya, ni inu amene mwaluza.

Cinanso, lekani kusunga ndandanda m'mutu. Kabuku ka K10 kakwanira: dzina, tsiku, walipira kapena iyai, lesoni yobweza iliko kapena kulibe. Ikani ophunzira a dera limodzi pa tsiku limodzi, a ku Kabwata, Libala ndi Chilenje pamodzi, a ku Kaunda Square ndi Chelstone tsiku lina, kuti ndalama isathere kwa makondakitala. Siyani masana amodzi pa mlungu opanda munthu, akhale a malesoni obweza. Ndipo mudziwiretu kuti mu October ndi November ana a mayeso adzasowa, ndiye kambiranani ndi makolo mu August, osati kudandaula lendi ikafika.

Zonsezi zilembedwe pa WhatsApp tsiku loyamba, mwana akalibe kugwira ngakhale kodi imodzi. Mizere isanu cabe, kholo liyankhe kuti "navomela". Kholo limene likana kuyankha mizere isanuyo, aticha, ndilo lidzakuimbirani foni muli pa Arcades, basi itaima mu jamu.