Diso la kamera lochokera kwa wopikisana naye

Pa 14 ndi pa 16 Epulo m'chaka cha 2016, zivomezi ziwiri zamphamvu zinagwedeza dera la Kumamoto ku Japan. Anthu anafa, nyumba zinagwa, ndipo fakitale ina ya kampani ya Sony inaima kwa milungu ingapo. M'miyezi yotsatira, makamera ena anayamba kusowa m'masitolo a m'mayiko akutali. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa makamera osowawo anali a makampani opikisana ndi Sony.

Fakitale imeneyi imapanga kachipangizo kotchedwa sensa, komwe ndi diso la kamera iliyonse ya digito. Sensa ndi kambale kakang'ono ka silikoni kokhala ndi timadontho mamiliyoni ambiri. Kadontho kalikonse kamalandira kuwala n'kukusandutsa mphamvu ya magetsi, ndipo kompyuta ya m'kati mwa kamera imasonkhanitsa zonsezo n'kupanga chithunzi. Ogulitsa akamanena za megapixel imodzi, amatanthauza timadontho miliyoni imodzi.

Luso limeneli linayamba mu 1969 pamene Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Labs ku America anatulukira sensa ya mtundu wa CCD. Mu 1975, Steven Sasson wa kampani ya Kodak anapanga kamera yoyamba ya digito yonyamulika. Kodak inapitiriza kudalira phindu la filimu, mpaka mu 2012 inapempha khothi kuti liiteteze kwa oikongoza. M'zaka za m'ma 1990, Eric Fossum ndi anzake ku NASA anakonza sensa ya mtundu wa CMOS, yomwe sidya magetsi ambiri. Imeneyi ndiyo ili m'mafoni a m'manja masiku ano.

Kumanga fakitale ya masensa kumalira ndalama zankhaninkhani, chifukwa kafumbi kamodzi kokha kangathe kuwononga sensa yonse. N'chifukwa chake makampani opanga masensa ndi ochepa. Canon imadzipangira yokha masensa a makamera ake ambiri. Sony ndiyo ikutsogola, ndipo imatenga pafupifupi theka la ndalama za msika wonse wa masensa. Makamera ambiri a Nikon, Fujifilm ndi Pentax ali ndi masensa opangidwa ndi Sony. Komanso kuyambira 2006, pamene inatenga bizinesi ya makamera ya Konica Minolta, Sony imagulitsa makamera akuluakulu omwe amalimbirana ogula ndi a Nikon.

Mgwirizano wotere uli ndi phindu mbali zonse. Wogula sensa amapewa mtolo womanga fakitale, pamene wogulitsa amafuna maoda ambiri kuti fakitale yake ibweze ndalama. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Fakitale imodzi ikaima, onse oidalira amaima nayo pamodzi. Ngakhale mu 2011, madzi osefukira ku Thailand anamiza mafakitale a Nikon ndi Sony m'dera la Ayutthaya, ndipo makamera ena atsopano anachedwa kufika pamsika.

Msika wa makamera nawo wachepa kwambiri. Mu 2010, makampani a m'bungwe la opanga makamera la CIPA ku Japan anatumiza kumsika makamera oposa 120 miliyoni. Pofika 2020, chiwerengerocho sichinafike n'komwe pa 10 miliyoni, chifukwa anthu ambiri amajambula ndi foni. Samsung inasiya kupanga makamera koma ikupitiriza kupanga masensa a mafoni, ndipo Olympus inagwirizana zogulitsa bizinesi yake ya makamera mu 2020. Tsopano opanga masensa amayang'ana kwambiri mafoni ndi magalimoto.

Nkhaniyi imafika mpaka kumunda. Mbozi za ntchemberezandonda zitalowa mu Africa mu 2016, chithunzi cha tsamba la chimanga lobooka chinasanduka chida chantchito. Mlimi amachitumiza kwa mlangizi, ndipo mlangizi amachitumiza kwa akatswiri. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, malangizo angasokonekere, mlimi n'kugula mankhwala osayenera.

Choncho bungwe kapena kalabu yomwe ikugula foni kapena kamera ya ntchito isatengeke ndi dzina lolembedwa kunja, pakuti makamera a mayina osiyana angakhale ndi diso lochokera kufakitale imodzi. Isatengekenso ndi kuchuluka kwa ma megapixel. Timadontho tambiri tikapanikizana pa sensa yaing'ono, kadontho kalikonse kamalandira kuwala kochepa, ndipo chithunzi chojambulidwa madzulo kapena m'nkhokwe chimatuluka chamanthongo. Sensa yokulirapo ndi galasi labwino la kutsogolo ndizo zimathandiza kwambiri. Njira yodalirika ndi kuyesa chipangizocho chisanalipiridwe: kujambula tsamba pafupi, pamthunzi, kenaka kukulitsa chithunzicho kuti mitsempha ya tsambalo ioneke.

Makampani akuluakulu anaphunzira ku Kumamoto zomwe alimi amazidziwa kale akamadikira wogulitsa mbewu mmodzi yekha mvula itagwa. Kalabu yomwe ikukonzekera nyengo ikubwerayi ingachite bwino kudzifunsa kuti ndi zipangizo ziti zomwe imazipeza pakhomo limodzi lokha, ndiponso kuti idzalowera kuti tsiku lomwe khomolo lidzatsekedwe.