Mbalame za ku Kalomwe zili m'kaundula wa yani?

Mvula ikayamba kuno ku Kalomwe, maso a aliyense amakhala pansi: mbewu yamera bwanji, feteleza wafika pa mtengo wanji ku Ulongwe, mbatatesi za kudimba zigulidwa ndi yani. Kumwamba nako kumakhala kuli alendo. Anamzeze ochokera ku Ulaya amafika m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, n'kumandanda pa mawaya a magetsi mpaka cha m'Malichi kapena Epulo. Kuli timphamba tina ting'onoting'ono, totchedwa Amur falcon m'mabuku, timene timaswana kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, n'kuwoloka nyanja ya India kudzadya inswa ndi ziwala kum'mwera kwa Africa kuno.

Tiyeni tifunsane: kodi mbalame za m'dera lathu zikuchuluka kapena zikutha? Yankho aliyense ali nalo. Agogo adzakuuzani kuti kale nkhwali zinkalira kuseri kwa khola, nkhanga n'kumatola chimanga pamunda masanasana. Mnyamata wa legeni adzati apumbwa ndi mpheta zikadalipo zambirimbiri. Onse akhoza kukhala kuti akunena zoona. Vuto n'lakuti zolembedwa zoti tiyerekeze chaka chino ndi zaka 20 zapitazo n'zochepa kwambiri, ndipo zochepazo sitinalembe ndife.

Malire a Mozambique ndi Malawi amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anatsata msana wa mtunda, kugawa madzi opita ku nyanja ya Malawi ndi opita ku Zambezi. Khwangwala wodzuka pa phiri la Dedza amakadya ku Kalomwe osadinditsa kanthu. Koma m'mabuku, mbali ziwirizi zili kutali. Ku Malawi, C. W. Benson ndi mkazi wake anatulutsa buku la mbalame za dzikolo mu 1977, ndipo mu 2006 Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa lina lalikulu, la mitundu pafupifupi 650, lokhala ndi mapu osonyeza kumene mtundu uliwonse umapezeka. Kuno kwathu gawo lalikulu la zaka zomwezo linadyedwa ndi nkhondo. Kuyambira 1977 mpaka pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, munthu woyenda m'tchire la Angonia ndi kope m'manja akanafunsidwa mafunso ena, osati a mbalame. Ntchito yolongosoka inadza pambuyo pake, pamene Vincent Parker anayendayenda m'zigawo za Tete, Manica ndi Sofala, n'kutulutsa buku lake la mapu a mbalame za pakati pa Mozambique mu 2005. Ndi iye yemwe analembanso za malo 15 ofunika kwambiri pa mbalame m'dziko lino, ndipo amodzi mwa malowo ndi nkhalango ya miombo ya ku Furancungo, kwa anansi athu a ku Macanga, chifukwa cha mbalame ina yosowa yogogoda mitengo yotchedwa Stierling's woodpecker.

Mbalame yomweyo ndi imene imakokera alendo a makamera ku Dzalanyama, tsidya la Malawi. Kumeneko imalembedwa chaka ndi chaka. Ya ku Furancungo timaidziwira m'buku la zaka pafupifupi 20 zapitazo. Parker anagwira ntchito yotamandika, koma mlendo wodutsa amaona za tsiku limene wadutsalo. Za m'mawa uliwonse amazidziwa ndi wokhala pomwepo.

Apa m'pofunika kukumbukira Jali Makawa, dzina limene ana asukulu a mbali zonse ziwiri samva n'komwe. Anali Mlomwe wobadwira kuno ku Mozambique, anakulira ku Nyasaland, ndipo anayamba kugwira ntchito kwa Benson m'zaka za m'ma 1930 ngati wothandiza kukhitchini. Posakhalitsa zinadziwika kuti mnyamatayo ali ndi khutu ndi diso zachilendo. Ankamva kulira kwa mbalame kamodzi n'kukusunga, ankatha kuziyeseza mpaka zina kubwera pafupi. Anayenda ndi Benson ku Ethiopia, ku zilumba za Comoros mu 1958, ndi ku Zambia, kumene mu 1964 anapeza kambalame kamene akatswiri anakatcha Pogoniulus makawai pomulemekeza. Mpaka lero kamene kali m'manja mwa asayansi ndi kamodzi komweko. Makawa anamwalira mu 1995, ndipo mbiri yake anailondoloza bwino ndi Nancy Jacobs m'buku lake la 2016 lonena za odziwa mbalame a mu Africa. Makawa anachita mwayi kuti dzina lake linatsala. Alenje ndi abusa ena ambiri amene analozera azungu zisa ndi kuwatchulira mayina, m'mabuku mulibemo.

Tikuti ukatswiri si umene ukusowa. Mbusa wa ng'ombe wa zaka 12 wa kufupi ndi phiri la Domwe amasiyanitsa kulira kwa timba ndi kwa mpheta ali chogona pa udzu. Amadziwa mtengo umene njiwa imamangapo, mwezi umene zinziri zimadzaza m'munda, dambo limene nantchengwa amakonda. Zimenezi n'zomwe asayansi amazifuna. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amaziphunzira kuti apeze ndiwo, ndipo akakula n'kupita ku Tete kapena ku Joni, zonse zimapita naye.

Dziko lenilenilo lasintha pamaso pathu. Anthu atabwerako ku Dedza ndi ku Ntcheu kumene anathawira nkhondo, minda inatsegulidwa ponseponse, ndipo Angonia anabwerera pa mbiri yake yodyetsa chigawo. Mitengo inapita ku zigafa za fodya, ku mauvuni a njerwa ndi ku makala. Madambo amene kale ankangodyetsako ng'ombe tsopano ndi madimba a kabichi, tomato ndi mbatatesi chaka chonse. Chifikireni ntchemberezandonda cha m'ma 2017, mankhwala opopera alowa pafupifupi m'nyumba iliyonse. Mlimi sitimuweruza, ana amafuna nsima ndi makope. Koma mbalame zodalira mitengo ikuluikulu ya mphako, kapena dambo losalimidwa, zikusowa pokhala, pamene akhwangwala ndi mbalame za pamudzi zikupeza bwino. N'chifukwa chake agogo aja ndi mnyamata uja onse angakhale olondola. Chiwerengero chikhoza kuoneka chambiri mitundu ikutha.

Nkhalango zimene zatsala zenizeni m'midzi yambiri ndi za kumanda. Palibe lamulo la boma limene linaziteteza koposa mwambo. Nantchengwa nayenso wapulumuka chifukwa ana amaopa kuphwasula chisa chake. Koma mwambo womwewo ndi umene umaponyetsa kadzidzi miyala, pamene banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ndi mbewa usiku uliwonse pafupi ndi nkhokwe. Pamenepa mafumu ndi atsogoleri a mipingo ali ndi mawu oti anene, ndipo ambiri sananenebe.

Sitikusowa kotengera phunziro. Ku nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'pangano loteteza madambo la Ramsar, kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkakodwa pachaka, makamaka nsomba zikasowa. Njira imene anasankha sinali yomanga osaka. Anawasonkhanitsa m'makalabu, pansi pa bungwe lawo la Mwayi wa Mbalame, kuti iwo eni apatule malo oswanirana, aike nyengo yoleka kusaka, ndi kulemba zimene agwira. Ntchitoyi yayenda mokwera ndi motsika, makamaka thandizo la kunja likatha ndi nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 2018. Komabe inasonyeza kuti wotchera misampha angathe kukhala wosunga kaundula. Ku Nagaland, m'dziko la India, timphamba tija tinkakodwa m'maukonde topitirira 100,000 pa nyengo imodzi pofika 2012. Chaka chotsatira midzi ya kumeneko, motsogozedwa ndi mudzi wa Pangti, inagwirizana zoleka, ndipo lero ndiyo imatilondera. Tina mwa timene timauluka pamwamba pa minda ya kum'mwera kwa Africa mu Januwale tili moyo chifukwa cha msonkhano wa pamudzi wa anthu amene sitidzawaona.

Chitsanzo chimene chimatikhudza kwambiri ndi cha ku Niassa. Claire Spottiswoode pamodzi ndi Keith ndi Colleen Begg anayenda ndi Ayao ofula uchi, n'kuyesa kaitanidwe kawo ka nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku njuchi. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2016, zinasonyeza kuti kaitanidwe ka makolo kaja kamakweza mwayi wopeza njuchi kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa maulendo 100 alionse. Ofula uchiwo anapitiriza kulemba okha maulendo awo. Sayansi inatsimikiza chimene eni ake ankachidziwa kale, ndipo sikanatha popanda iwo.

M'chigawo chathu chomwechino cha Tete muli Tchuma Tchato, pulogalamu imene inayamba m'zaka za m'ma 1990 cha ku Magoe, yogawira midzi phindu la nyama zakutchire. Lamulo la 2005 limanenanso kuti 20 peresenti ya misonkho ya nkhalango ndi nyama izibwerera kwa anthu a m'deralo. Koma tisanamizane: ku Kalomwe kulibe njovu zokopa osaka a madola. Aliyense wobwera kudzalonjeza kuti kuwerenga mbalame kudzabweretsa alendo ndi ndalama chaka chamawa, mumufunse kuti alendowo adzagona kuti. Mwina mtsogolo anyamata angapo adzapeza ganyu yoperekeza alendo ochokera ku Lilongwe kapena ku Dedza. Phindu lapafupi ndi lina: kudziwa dambo limene likuuma, mankhwala amene akupha zosayenera kufa, ndi kukhala ndi umboni m'manja tsiku limene wina adzafune kugwetsa msitu wotsala.

Nanga kutsogoloku? Zipangizo zilipo kale. Kuyambira 2007, ntchito ya mapu a mbalame ya SABAP2, yoyendetsedwa kuchokera ku University of Cape Town, imalandira zolemba za anthu wamba, ndipo Mozambique ndi Malawi ali m'gulu la mayiko ake. Dziko analigawa m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse. Munthu amayenda m'kabokosi kamodzi kwa maola osachepera awiri, n'kulemba mtundu uliwonse umene waona kapena kumva, motsatana ndi mmene waupezera. Pali pulogalamu ya pafoni ya BirdLasser yothandiza pa zimenezi, palinso eBird ya Cornell Lab of Ornithology imene inayamba mu 2002. Kulemba kumatheka ngakhale netiweki palibe. Mumatumiza mukafika pogwira Movitel kapena Vodacom.

Zopinga zake n'zodziwika. Foni zotere ndi mabandulo si za aliyense. Mayina a m'mapulogalamuwa ali m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zina za kutali, ana athu amaphunzira m'Chipwitikizi, pamene mbalamezo amazidziwa m'Chichewa, ndipo dzina limodzi ngati mpheta limaphimba mitundu ingapo. Ndiponso kuno ndi kumalire: munthu woima pa chulu ndi mabainokyula kuyang'ana cha ku Dedza ayenera kuyamba wadziwitsa amfumu ndi achitetezo, apo ayi tsiku lake lithera pofotokoza.

Maganizo athu ndi akuti tiyambire pa kope ndi pensulo. Sukulu iliyonse ya m'mbali mwa msewu wa Kalomwe mpaka Ulongwe ingathe kusankha njira imodzi, yodutsa kumunda, kudambo ndi m'mphepete mwa msitu, n'kumaiyenda kamodzi pamwezi m'mamawa. Wotsogolera akhale mwana yemwe uja wa legeni, limodzi ndi mkulu mmodzi wa m'mudzi wodziwa mayina akale. Amene akufuna kuyamba ndi kulanda malegeni ndi ulimbo adzathamangitsa aphunzitsi enieni a ntchitoyi. Kumanda sikulowedwa mwachisawawa, ndipo palibe chifukwa cholowerako: mbalame zambiri zimadziwika ndi kulira, munthu ataima panja, amfumu atavomera. Ophunzira za ulimi a UniZambeze ku Ulongwe ndiwo angalumikize makopewa ndi intaneti, kulunzanitsa mayina a m'zilankhulo zitatu, ndi kupezapo mitu ya kafukufuku wawo, monga ya mbalame zimene zimadya mbozi m'minda ya chimanga. Tsidya linalo kuli bungwe la WESM, limene linayamba mu 1947 ndipo lili ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu zambiri za ku Malawi. Sukulu ya ku Dedza ndi ya ku Kalomwe zitawerenga tsiku limodzi, Loweruka lachiwiri la Meyi kapena la Okutobala pamene dziko lonse limakumbukira mbalame zoyenda maulendo, tingakhale ndi chithunzi cha mtunda wonsewu kwa nthawi yoyamba. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Kwa mabungwe ndi akatswiri amene adzafune kugwiritsa ntchito zolembazi, tili ndi mfundo ziwiri zosakambirana. Dzina la aliyense wowerenga lilembedwe, kaya ndi mwana wa kalasi yachisanu, kaya ndi gogo wosadziwa kulemba amene anatchula mbalameyo. Ndipo zotsatira zibwerere kumudzi m'Chichewa, pa bwalo la amfumu ndi pa wailesi, chaka chisanathe. Kope lenilenilo litsale pasukulu, m'kabati ya aphunzitsi aakulu; wofuna kupita nalo ku Maputo kapena ku Cape Town ajambule masamba ake.