Kodi Tsabola Wakale Sawawadi?

Timu ya mpira wa manja ikayamba kugonja, oikonda pa Boma la Mangochi ndi ku Monkey Bay amagawikana pawiri. Ena amati katswiri wachikulire achotsedwe kuti ana apeze malo, pakuti tsabola wakale sawawa. Ena amakana kwamtuwagalu.

Mbiri ya ntchemberembaye m'dziko muno ingathe kuweruza mlanduwu. M'chaka cha 2007 ku Auckland, Malawi Queens inakhala yachisanu pa dziko lonse lapansi, Mayi Mary Waya akusewerabe ali ndi zaka 39. Mu 2016, pa mpikisano wa Fast5 ku Melbourne, timuyi inakhala yachitatu ili ndi Mwawi Kumwenda. Chaka chotsatira iye anasiyidwa chifukwa chofika mochedwa kokonzekera, ndipo timu inagonja masewera ake onse.

Sikuti mwambo ulibe ntchito, iyayi. Katswiri akalakwa ayenera kudzudzulidwa monga wina aliyense, ndiponso nzoona kuti miyendo imatopa. Koma asanachotsedwe, akuluakulu a timu ayambe afunsa kuti wasula yani wolowa m'malo mwake. Asodzi a pa Nyanja ya Malombe satsitsa m'bwato mkulu wodziwa pogona chambo anyamata asanaphunzire.

Tsono aphunzitsi oyang'anira masewera m'masukulu a m'mbali mwa nyanja aitane akatswiri akale kudzaphunzitsa ana mphamvu zikadalipo. Timu yotaya mkulu wake isanakonze womlowa m'malo imangoonjeza chaka china cha manyazi.