Agogo Oiŵala Si Mfiti

M'midzi ya kumwera kwa boma la Mzimba, monga ku Embangweni, ku Edingeni ndi ku Jenda, muli okalamba ambiri. Ena mwa iwo amakhala ndi adzukulu okha, popeza ana ao ali pa ntchito ku Joni. Nthaŵi zina agogo otere amayamba kuiŵala. Amateleka mphika pamoto nauiŵala mpaka ndiwo kupserera. Amaitana mdzukulu ndi dzina la munthu amene anamwalira kalekale. Tsiku lina amatuluka usiku nasokera, ndipo m'maŵa amapezeka pakhomo pa eni ake. Pamenepo anthu ena amafuula kuti, "Mfiti yagwa!" Kutero ndi kulakwa kwakukulu.

Agogo otere ndi odwala. Matenda ao ali mu ubongo, chiŵalo chimene chimasunga zonse zimene munthu amakumbukira. Mu 1906 dokotala wina wa ku Germany, dzina lake Alois Alzheimer, anapima ubongo wa mayi wina amene anamwalira ataiŵala zinthu zambiri. Anapeza kuti ubongowo unali utaonongeka. Lero mtundu waukulu wa matenda oiŵalitsa umatchedwa ndi dzina la dokotala ameneyo.

Anthu ena amati, "Nanga bwanji amai ao anachitanso chimodzimodzi? Si ufiti wa kumtundu umenewo?" Yankho lake alidziŵa oŵeta ng'ombe a ku Mzimba. Thole limatengera maonekedwe kwa nkhunzi ndi kwa make. Munthunso amatengera msinkhu, khungu ndi nkhope kwa makolo ake. Zimenezi zimayenda m'tinthu tating'onoting'ono ta m'thupi totchedwa gene, tosaoneka ndi maso. Mwana amalandira tina kwa atate, tina kwa amai. Mu 1993 akatswiri a ku America anapeza kuti kamodzi mwa tinthuti, kotchedwa APOE4, kamachititsa kuti munthu adwale matendaŵa mosavuta akakalamba. Choncho matenda akaonekera kaŵiri m'banja limodzi, si temberero ai. Ndi chibadwa chabe, ndipo palibe munthu amene amadzisankhira chibadwa chake.

Komabe mdzukulu wa agogo odwala asachite mantha. Ng'ombe yakuda sibala mathole akuda okhaokha. Anthu ambiri amene ali ndi APOE4 amakalamba nzeru zao zili bwinobwino, pamene ena opanda kanthuko amadwala. Chimene chimabweretsa matendaŵa koposa ndi ukalamba, makamaka munthu akapitirira zaka 65. Fodya, moŵa wambiri, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuvulala m'mutu zimaonjezeranso ngozi. Kupita ku sukulu, kugwira ntchito zolimbitsa thupi ndi kucheza ndi anthu kumathandiza ubongo kukhala wolimba.

Mankhwala ochiziratu matendaŵa sanapezeke, koma wodwala angathe kuthandizidwa. Abale ayenera kupita naye ku chipatala cha boma cha Mzimba kapena ku chipatala cha mishoni cha Embangweni, chifukwa pali matenda enanso osokoneza mutu amene amachizika. Ayeneranso kudziŵa kuti lamulo la dziko la Malaŵi la chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Wonena mnzake chotero angathe kuimbidwa mlandu.

Ana nawonso ali ndi mbali yao. Agogo akafunsa funso limodzi kasanu, mwana wamakhalidwe amayankha kasanu mosakwiya. Akawaona akuloŵera kuthengo, amawagwira dzanja nanena kuti, "Agogo, tiyeni kunyumba, nsima yapsa." Sawaseka, ndipo sawaponya miyala ngakhale anzake atero. Manja amene lero akunjenjemera ndi omwewo amene analima, kusinja ndi kulera mudzi wonse. Akuluakulu anati, "Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe." Mwana amene lero akuthamanga pabwalo la sukulu adzagwiranso ndodo, ndipo adzafuna womulondolera njira ya kwao.

Mafunso

1. Kodi matenda oiŵalitsa amagwira chiŵalo chiti cha thupi?
2. Kodi Alois Alzheimer anapeza chiyani mu 1906?
3. Chifukwa chiyani mdzukulu wa agogo odwala sayenera kuchita mantha?
4. Tchulani zinthu ziŵiri zimene mwana angachite pothandiza agogo oiŵala.