Ambuya Si Coseweretsa ca pa Foni

Acinyamata anzanga, pali mkangano umene sukutha m'magulu athu. Tikangomaliza kuphunzira nyimbo za kwaya, kapena tikakhala pa sitolo kudikira kuti mpira uyambe pa TV, nkhani imakhala ya anthu oseketsa. Wina akuti palibe woposa Bikiloni ndi Difikoti. Wina akuti Dorika wa Bob Nkosha ndiye mwini wake. Acikulire pang'ono amakumbutsa Izeki ndi Jakobo a ku Malawi. Koma tsopano kwabuka gulu lina, makamaka la awo amene ali ndi mafoni akulu-akulu, limene likuti zonsezi n'zacikale. Iwowa akuti nthabwala zeni-zeni ndi za mafunso: munthu agwire maikolofoni, aimitse mnzake, amfunse funso lomzunguza mutu, kenaka kamera ikhale pa nkhope yake kufikira manyazi atamgwira. Akuti kukoma kwake kuli pa kacetecete kaja, pamene wofunsidwayo akusowa poyang'ana.

Ine sindidzalowa m'mkangano wakuti woseketsa kwambiri ndani, pakuti cimene cikuseketsa iwe mwina ine cindigoneka tulo. Cimene ndikukana ndi cakuti nthabwala za mafunsozi zilibe mlandu. Zambiri mwa izo, makamaka zimene tayamba kutengera kuno ku Mpanshya, ndi kuba ulemu wa munthu wosauka masana dzuwa likuswa mtengo.

Tiyambe ndi kumene zinacokera, cifukwa ena a inu mukuganiza kuti zinabadwa dzulo pa TikTok. Mu 1948 ku America, Allen Funt anayamba programu ya pa TV yochedwa Candid Camera, yobisa kamera ndi kujambula anthu osadziwa kanthu. Ku South Africa, Leon Schuster anachuka ndi mafilimu a mtundu womwewo kuyambira mu 1986, ndipo ambiri a ife tinakula tikuwaonera m'tinyumba ta vidiyo. Koma amene anakulitsa za mafunso ndi Sacha Baron Cohen wa ku Britain. Iye anadzisandutsa Ali G, mnyamata wombwambwana wobvala zacilendo, napita kukafunsa mafunso anthu ochuka amene sanadziwe kuti ndi sewero. Anafunsa Buzz Aldrin, amene anaponda pa mwezi mu 1969, ngati munthu adzapondapo pa dzuwa. Atayankhidwa kuti dzuwa n'lotentha kwambiri, iye anapereka nzeru yakuti apiteko nyengo yozizira. Anakhalanso pansi ndi Boutros Boutros-Ghali, amene anatsogolera bungwe la United Nations kuyambira 1992 mpaka 1996, namcititsa kuyankha zopanda pake mwaulemu wonse.

Zimenezi zimaseketsa, sindikana. Koma taonani amene anakhala pa mpando wofunsidwa. Anali anthu ozolowera makamera, okhala ndi maloya ndi alembi ao, amene mawa lake anadzuka ali ndi nchito zao ndi ulemu wao wonse. Wopusa m'sewerolo anali wofunsayo. Cimodzi-modzi ndi Zach Galifianakis, amene programu yake ya Between Two Ferns inayamba mu 2008. Iye amanyoza alendo ake pamaso, koma alendowo amabwera akudziwa cimene akudzera. Mu 2014 Barack Obama, ali pulezidenti, anapitako mwa kufuna kwake kuti akope acinyamata kulembetsa inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo naye anabwezera mau obaya.

Tsono imvani zimene Baron Cohen yemweyo anacita pamene anatembenuza kamera kuloza kwa anthu onga ife. Filimu yake ya Borat, imene inatuluka mu 2006, iyamba ndi mudzi wosauka umene akuti ndi kwao ku Kazakhstan. Mudziwo suli ku Kazakhstan ai. Ndi mudzi wa Glod ku Romania, wa anthu osauka oyenda pa ngolo za akavalo. M'filimuyo iye akuloza anthu eni-eni a m'mudzimo ndi kuwachula maina onyansa m'Cizungu, cinenero cimene ambiri a iwo sanali kumva, iwo ali kumwetulira pa kamera. Pambuyo pake anthu a m'mudzimo anadandaula kuti analipidwa tindalama tocepa ndi kuti anaganiza kuti alendowo akujambula za umphawi wao. Opanga filimu anatsutsa zimenezi. Ena a m'mudzimo anakasuma ku khoti ku America, koma mlandu sunawakomere. Filimuyo inapeza ndalama zoposa madola 260 miliyoni. Dziko lonse linaseka, ndipo a ku Glod anatsala ndi matope ao ndi dzina loipa.

Mukamva za Glod musaganize za kutali. Ganizani za Luangwa Bridge, pamene amai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu kwa apaulendo. Ganizani za abambo amene amaima ndi matumba a malasha m'mbali mwa Great East Road. Awa ndiwo amene mnyamata wa foni amasankha akafuna kuseketsa anzake. Samaimitsa mphunzitsi wamkulu kapena wapolisi. Amafuna ambuya osenza nkhuni, nawafunsa m'Cizungu likulu la dziko la France, kapena kuwauza kuti achule malemba a liu limene ngakhale iye mwini analiona m'dikishonale m'mawa momwemo. Ambuya, pokhala analeredwa kuti mlendo samunyalanyaza, amayesetsa kuyankha. Akaphonya, pa vidiyo amaikapo kulira kwa mbuzi ndi tinkhope toseka, ndipo pofika madzulo yafika ku Chongwe, ku Lusaka, mpaka kwa adzukulu ao amene ali pa sukulu ku Copperbelt.

Ndifunseni cimene cikuseketsa pamenepo. N'cakuti ambuyawo sanapite ku sukulu. Palibenso cina. Tikuseka cifukwa pa nthawi yao sukulu inali kutali, kapena atate ao anasankha kuphunzitsa mwana wamwamuna, kapena anakwatiwa akali mwana. Ndipo ena a ife amene tikusekafe tinaphunzira ndi ndalama za malasha omwewo ndi nsomba zomwezo. Cina cimene cimandiwawa n'cakuti muyeso wa nzeru m'mavidiyowa nthawi zonse ndi Cizungu, monga kuti atsamunda sanacoke mu 1964. Tayesani kutembenuza. Apatseni ambuya maikolofoni afunse mnyamata wa m'tauni kuti bowa wodyedwa amausiyanitsa bwanji ndi wakupha, kapena kuti uvuni wa malasha amautseka liti, kapena kuti mlongo wa atate ake a mkazi wake amamuitana kuti ciani. Adzacita cibwibwi kuposa iwo. Koma vidiyo yotere simudzaipeza kawiri-kawiri, cifukwa wogwira foni ndiye amasankha funso, ndiye amadula zimene safuna, ndiyenso amatumiza.

Ndikudziwa mayankho anu, pakuti ndawamva m'misonkhano. Loyamba ndi lakuti, "Koma anabvomera okha, ndipo tinawapatsa ya sopo." Anabvomera ciani? Munthu amene sanagwirepo foni ya intaneti sangadziwe kuti cimene wabvomera ndi kuonedwa ndi anthu zikwi-zikwi, caka cino ndi caka camawa, ndi kuti ngakhale wojambulayo atafuna kucotsa vidiyoyo sangathe kuilanda m'mafoni a onse amene anaisunga. Kubvomera kumene munthu sakudziwa mapeto ake n'cimodzi-modzi ndi kudinda cala pa kalata yogulitsa munda iye akuyesa kuti akulandira feteleza.

Laciwiri ndi lija lochuka, "Ni nthabwala cabe, palibe wafa." Pa 4 December 2012, aulutsi awiri a wailesi ya 2Day FM ya ku Sydney, Australia, anaimba lamya ku cipatala ca King Edward VII ku London, kumene mkazi wa Prince William anagonekedwa. Anadzisandutsa Mfumukazi Elizabeth ndi Prince Charles. Nesi amene anayankha, mai wa ana awiri wocokera ku India, anakhulupirira napereka lamyayo ku wodi. Wailesi inaulutsa zonse, dziko linaseka, ndipo patapita masiku atatu nesiyo anapezeka atadzipha. Aulutsiwo sanafune imfa ya munthu, ndipo analira pa TV. Ife a ku Mpanshya tili ndi cipatala ca St Luke's pakati pathu, ndipo ambiri tili ndi alongo ndi abale obvala yunifomu yoyera. Tikudziwa kulemera kwa manyazi pa munthu amene amalemekeza nchito yake. Wojambula amaona nkhope ya munthu mphindi ziwiri cabe. Zimene munthuyo anasenza kale mumtima, ndi zimene adzamva usiku akauzidwa kuti mudzi wonse waona, sazidziwa.

Lacitatu ndi lakuti ife a mumpingo timadana ndi cimwemwe, tifuna aliyense akhale wokwinya nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo. Bodza limenelo. Ife ndife mtundu wa anthu oseka, ndipo timaseka ngakhale pa maliro. Taonani cimbuya ca pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa. Mbemba adzakunena kuti ndiwe wodya mbewa, iwe numbwezera kuti ndi wodya anyani, ndipo pa maliro adzakuthira ufa kumutu kufikira utaturutsa kangacepe. Mau ake ndi akuthwa kuposa a pa TV. Nanga n'cifukwa ninji palibe amene amapita kunyumba akulira? Cifukwa onse awiri akudziwa malamulo a masewerawo, onse ali ndi ufulu wobwezera, ndipo mawa ndi iwe udzathira ufa. M'vidiyo ya mafunso ambuya alibe mawa lao lobwezera.

Oseketsa athu akale anali kucidziwa cimeneci. Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza m'Madzulo zinali kumveka pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anali kusonkhanitsa mabanja athunthu pa wailesi imodzi ndi mau ake okha, akusintha liu kukhala nkhalamba, mwana kapena nyama. Sanafune munthu weni-weni womucititsa manyazi. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene anali Izeki ndi Jakobo, anali kubvala okha zobvala za munthu wakumudzi ndi kusenza okha ucitsiru wonse. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021, koma anthu akali kuwakumbukira mwacikondi. Bob Nkosha akabvala citenje ca Dorika, amene akusekedwa ndi iye mwini pamodzi ndi makhalidwe athu tonse. Imeneyo ndi nchito yofuna luso, yofuna kukhala pansi, kupenyetsetsa anthu, kulemba ndi kuyeseza. Kuimitsa nkhalamba pa mseu sikufuna luso liri lonse. Kumangofuna foni ya caji ndi kusowa cisoni.

Paja inu amene mumacita sewero la masautso a Ambuye sabata loyera mukukumbukira cimene alonda anacita usiku uja. Anammanga nsalu kumaso, nammenya, namfunsa kuti alote amene wammenya. Linali funso loseketsa kwa ofunsawo. Caka ciri conse timasowa mnyamata wofuna kutenga mbali ya alondawo, koma pa foni mbali imeneyo timailimbirana.

Mwina mukuti, "Ine sindijambula, ndimangoonera." Mnzanga, wojambula amawerenga anthu oonera monga wamalonda awerengera ndalama. Ukaonera mpaka kumapeto, ukaika kankhope koseka, ukatumiza ku gulu la WhatsApp la acinyamata a parishi, wamuuza kuti mawa apite akafune ambuya ena. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Tsiku lina nkhope imene idzatulukira pa gulupo idzakhala ya amai ako ali pa msika, ndipo udzafuna kudziwa amene anayamba kutumiza.

Ngati mumakondadi funso lothetsa mau, ndipo ndikhulupirira ena a inu muli nalo luso lake, pali anthu oyenera kulilandira. Kuseka olamulira m'dziko muno kunali ndi mtengo wake. Mu January 2004 boma linalamula kuti Roy Clarke, wolemba zoseketsa mu nyuzipepala ya The Post, acotsedwe m'dziko cifukwa ca nkhani imene inayerekeza atsogoleri ndi nyama za ku Mfuwe, ndipo anapulumuka cifukwa makhoti anakana lamulolo. Mu December 2022 lamulo lopanga kunyoza pulezidenti kukhala mlandu linacotsedwa. Caka comweco ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iri yonse, ndipo Rufunsa nayo imalandira gawo lake. Mbali ina ya ndalamazo ndi ya mabasale a ana a sukulu ndi ya magulu a acinyamata. Ndi angati a inu amene anayamba aimirira pa msonkhano wa wodi ndi kufunsa kansala, mwaulemu koma mosabwerera, kuti magulu amene anapindula caka catha ndi ati, ndipo mndandanda wake wapacikidwa kuti? Pamenepo kacetecete kakagwa, kamera ikhalebe pa nkhope. Wofunsidwayo ali ndi ofesi, ali ndi mapepala, ali ndi pakamwa poyankhira, ndipo kuyankha ndiyo nchito imene anaipempha pa cisankho.

Atsogoleri a magulu, nkhaniyi muiike pa ndondomeko ya msonkhano wanu wa mwezi uno. Oyang'anira magulu a WhatsApp agwirizane kuti vidiyo yonyazitsa munthu amene sanadziwe cimene cikucitika icotsedwe ikangofika, ndipo wotumizayo auzidwe cifukwa cake pamaso pa onse. Gulu limene lili ndi sewero lao-lao loseketsa, lolembedwa ndi kuyesezedwa, litumize kwa mkonzi wa magaziniyi.