Tisataye makumba athu

Alimi anzanga a ku Chiradzulu, minda yatichepera, n'chifukwa chake ena mwakumba madamu a nsomba m'madimba. Tsono pamveka mawu akuti tiitanitse nsomba zakunja zokula msanga. Ine ndikukana.

N'zoona kuti mbewu ya nsomba imakonzeka. Mu 1988 bungwe la ICLARM lidayamba ntchitoyi ku Philippines. Akatswiri ankapatula nsomba zokula msanga kuti ziswane zokhazokha, monga tisankhira chimanga cha mbewu, mpaka adapeza mtundu wotchedwa GIFT. Koma makolo a nsombayo ndi a ku Nile, si akuno ayi.

Damu likasefukira m'dzinja, nsomba imatsata mtsinje, ndipo simungaibwezenso. Ku nyanja ya Victoria adaponyamo nsomba yolusa yachilendo m'zaka za m'ma 1950, ndipo idatha mitundu yambirimbiri ya nsomba zakomweko.

Nzeru ya kusankhayo tiigwiritse pa makumba athu, monga adachitira akatswiri a ku Domasi. Pokolola musagulitse zikuluzikulu zonse n'kusiya zopinimbira kuti ziswane. Sungani zonenepa zikhale mbewu, muzizipatsa madeya, ndipo muzithira manyowa a nkhuku m'damumo. Mbewu yabwino tili nayo kale.