Ufa wa m'Paketi Sulowa m'Malo mwa Cakudya ca Nkhuku

Masiku ano m'midzi mwathu mwabuka cizolowezi cimene tiyenera kucitsutsa poyera. Munthu aweta nkhuku zace ndi gaga yekha, ndipo poona kuti anapiye sakula ndi matadzi saikira, athamangira kumsika kukagula timapaketi ta ufa, kapena mankhwala a anthu, nathira m'madzi a nkhuku. Ife tinena kuti wotereyo ataya ndalama zace cabe, pakuti nthawi zambiri nkhuku yace siidwala, koma iri ndi njala.

Tamvani, abale, m'mene ciriri cinthu ici. Mnofu, nthenga ndi dzira zimangidwa ndi cakudya comanga thupi, ndipo cakudyaco ciri ndi tizigawo ta mitundu ngati 20 timene ophunzira atichula ma amino acid. Tina nkhuku ipanga yokha m'thupi mwace, koma tina iyenera kutipeza m'zakudya. Mwa timeneti tiwiri ndito tisowa kawirikawiri, ndito lysine ndi methionine. Mtsuko wobooka pambali sudzala kupitirira pamene pali cibooco, ungakhale uthiremo madzi tsiku lonse. Momwemonso kakapereŵera kamodzi ka tizigawoti, zina zonse zimene nkhuku yadya sizipindula mokwanira.

Cimanga cipatsa mphamvu, koma pa magawo 100 a cimanga, 8 kapena 9 okha ndiwo omanga thupi, ndipo lysine alimo wocepa. Mu soya magawo otere apitirira 35, ndi lysine wocuruka. Koma soyayo akazingidwe, cifukwa wosakazinga ali ndi cinthu cotsekereza cakudya kugayika m'mimba. Methionine apereŵera m'cimanga ndi mu soya momwe, koma apezeka bwino mu usipa ndi matemba osinja, ndi m'zotsala poyenga mafuta a mpendadzuwa. Ndipo thadzi loikira lifuna laimu kapena zigoba za nkhono zosinja, pakuti m'cigoba ca dzira limodzi muli kashiamu wa magalamu 2. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Gaga yekha sangaikiritse nkhuku.

Kapena wina adzati, Nanga opanga zakudya za nkhuku m'mafakitale sathiramo ufa wa methionine? Athiramo ndithu, ndipo acita bwino. Ife sititsutsa ufawo. Koma taonani muyeso wace: magalamu 2 kapena 3 pa kilogalamu ya cakudya cimene ciri kale ndi cimanga ndi soya, woyesedwa pa sikelo ndi wosakanizidwa bwino. Ufawo uli ngati mcere wa m'ndiwo. Ndani adaitana mlendo nampatsa mbale ya mcere wokha? Ndipo methionine akacuruka koposa muyeso, nkhuku ileka kudya bwino, nibwerera m'mbuyo.

Coipa koposa ndico ca maantibayotiki. Ca m'ma 1950 alimi a ku America anayamba kuthira mankhwalawa pang'ono pang'ono m'zakudya za ziweto kuti zikule msanga. Pambuyo pace kunaoneka kuti tizirombo toyambitsa matenda tizolowera mankhwala operekedwa motero, nitileka kufa nawo; ndipo tizirombo totere tifika kwa anthu. Mwa ici dziko la Sweden linaletsa mcitidwewo m'caka ca 1986, ndi maiko a European Union m'caka ca 2006. Kodi cimene anzathu anaciyesa nacitaya, ife ticitole? Amene atsegula kapisozi kuthira m'madzi a anapiye afooketsa mankhwala amene mwana wace adzawafuna tsiku lakudwala cibayo. Ngakhale citopa, cimene citha nkhuku m'midzi, sicimva maantibayotiki konse. Cipewedwa ndi katemera.

Cotero tikudandaulirani, abambo ndi amai: limani soya pambali pa cimanga, sungani nyenyeswa za usipa, lekani nkhuku zitole ciswe ndi masamba, ndipo madzi oyera asasowe m'khola. Mukafuna kugula paketi, yambani mwafunsa mlangizi wa ziweto kuti muli ciani m'menemo, ndi muyeso wace ndi wotani. Wogulitsa akalephera kuchula cimene ciri m'kati, bwezani ndalama zanu m'thumba, mukagule soya.